Amisiri okonza maampu okana kuimba

M'misika ya Limbe ndi Ndirande, ngakhale m'mbali mwa msewu wa Malangalanga ku Lilongwe, simungalephere kupeza kashopu kodzaza mawailesi, ma TV ndi maampu osanjikizana mpaka kudenga. Ambiri mwa amisiri a m'timashopu timeneti anaphunzira ntchito poyang'ana manja a mkulu wina, ngakhale alipo ena amene anadutsa m'makoleji a ntchito zamanja pansi pa TEVETA. Pepala la sukulu si limene limawasiyanitsa kwenikweni. Amasiyana pa ampu imene ikuyaka bwinobwino, pagalasi n'kulemba kuti PROTECT, koma mawu zii.

Ampu yabwino ikayatsidwa imadikira masekondi angapo, kenako mumamva kaphokoso kakuti "kha" mkati. Imeneyo ndi rilei, kaswichi kolumikiza masipika. Rilei isanatseke, gawo loteteza limayamba launika ngati panjira yopita ku sipika pali magetsi a DC kapena ngati mphamvu ikukokedwa mopyola muyeso. M'maampu ambiri akale ntchitoyi imagwiridwa ndi ka IC kotchedwa uPC1237, ka kampani ya NEC. Kakapeza vuto, rilei siitseka, ndipo masipika amapulumuka.

Mmisiri wodziwa sathamangira kumasula zomangira. Amayamba ndi funso: "Bambo, munalumikiza masipika angati?" Yankho limanena zambiri, makamaka Lolemba, ampu yapanyumba itaswera ku chinkhoswe. Masipika awiri a maohmu 8 akalumikizidwa pamodzi mbali imodzi amatsika kufika pa maohmu 4, anayi amafika pa 2, pamene ampu yapabalaza siinapangidwire katundu wotere. Ndiye mmisiri amayatsa makinawo popanda sipika iliyonse. Rilei ikalira, vuto latsala kunyumba: mwina kaulusi kamodzi ka waya kakukhudza kanzake kumbuyo kwa kabati. Mmisiri woona mtima amamuuza mwiniwake zimenezi, ngakhale kuti patsikulo apeza kochepa.

Rilei ikakanabe kulira, m'pamene amatsegula. Choyamba amachotsa magetsi otsalira m'makapasita akuluakulu, chifukwa amasunga mavoti ambiri ngakhale pulagi itazulidwa. Kenako amatenga chida chimene sichigulitsidwa m'sitolo: babu yakale ya waya mkati, ya mawati 60 kapena 100, yolumikizidwa panjira ya magetsi olowa mu ampu. Babu ikawala pang'ono n'kuzilala, mkati mulibe shoti yaikulu. Ikawala kwambiri osazilala, shoti ilipo, ndipo babuyo ndi imene yaletsa kuti zida zina zisapse. Mababu a LED sagwira ntchitoyi, n'chifukwa chake amisiri amasunga akalewo mosamala.

Kenako mita. Amayeza DC pamalo amene mawu amatulukira, asanafike pa rilei. Ampu yathanzi imasonyeza timamilivoti tochepa chabe. Mita ikasonyeza mavoti 40, nthawi zambiri ndiye kuti tiranzisita imodzi yaikulu yapsa ndipo ikukankhira magetsi onse ku sipika. Apa m'pamene ambiri amachita changu: amasintha tiranzisita yopsayo, n'kuyatsa, utsi tolotolo. Tiranzisita yaikulu siifa yokha kawirikawiri. Imapita ndi tizirezisita ta maohmu 0.22 tomwe tili pamwendo pake, nthawi zina ndi matiranzisita ang'onoang'ono oiyendetsa. Zonsezo ziyenera kuyezedwa chimodzichimodzi, ndipo pomaliza bias ikonzedwe kuti zatsopanozo zisatenthe mopyola.

Palinso matenda obisala: mtovu wong'aluka pamwendo wa chida, umene umagwira ampu ikazizira n'kusiya ikatentha. Amisiri amaupeza pogogoda bolodi pang'onopang'ono ndi chogwirira cha pulasitiki.

Dandaulo lalikulu la ntchitoyi ndi zida zachinyengo. Matiranzisita a Toshiba a 2SC5200 ndi 2SA1943 ali m'maampu ambirimbiri, ndipo abodza ake ali ponseponse. Kunja amaoneka chimodzimodzi, koma mukaswa wabodza mumapeza kachidutswa ka mkati ndi kakang'ono kwambiri. Amaimba bwino voliyumu ili pansi, n'kupsa pamene phwando lafika pachimake. Ma IC a STK a Sanyo, omwe ali m'makina ambiri akale, anasiya kupangidwa, kotero amisiri ena amakhulupirira kwambiri STK yozula mu ampu yakufa kusiyana ndi yonyezimira ya m'pepala. Katundu wakaunjika nayenso ali ndi msampha wake. Ampu yopangidwira ku Japan imafuna mavoti 100, pamene kuno magetsi ndi a mavoti 230, ndipo wogula wosawerenga zolembedwa kumbuyo amaiwotcha tsiku loyamba lomwelo.

Chimene chimawawa kwambiri ndi khalidwe la ena lolumphitsa rilei ndi kawaya. Ampu imaimba pomwepo, kasitomala amalipira akumwetulira, koma DC ija ikadalipo ndipo tsopano ikulowa mu koyilo ya sipika popanda choiletsa. Sipika imene banja linaisungira ndalama miyezi yambiri imapsa, ndipo nthawi zina imagwira moto. Kumeneko ndi kuba. Mwini ampu ali ndi ufulu wofunsa kuti aone zida zimene zachotsedwa, amve yekha rilei ikulira poyatsa, ndiponso kuti makinawo ayambe aimba nthawi yaitali pa sipika ya mmisiriyo asanawanyamule kupita nawo kunyumba.