Nsapato Zikayamba Kuthina Munthu Wamkulu

Munthu wamkulu akaona kuti nsapato zace za kunchito zayamba kumthina, ndi mphete ikukana cala, asafulumire kuganiza za ufiti. Pansi pa ubongo pali kaciwalo kakang'ono ngati nsawawa, kochedwa pituitary, kamene kamatulutsa homoni yokulitsa thupi. Maselo ace akaswana mosokonezeka pamamera cotupa, ndipo homoniyo imacuruka. Mwana amatalika koposa muyeso, monga Robert Wadlow wa ku America, amene anafika mamita 2.72, koma wamkulu, popeza mafupa ace analeka kutalika, amakula manja, mapazi ndi cibwano, mano natalikirana.

Nthendayi, imene Pierre Marie anaicha acromegaly m'caka ca 1886, siipatsirana, ndipo kawiri-kawiri cotupaco si khansa. Komabe cikalekereredwa cimapsinja mitsempha ya maso, nicibweretsa litsipa, shuga ndi nthenda ya mtima.

Cifukwa cace wa ku Matero, Kanyama kapena Chawama ayambire pa cipatala ca kwao, kumene angamtumize ku University Teaching Hospital kukapimidwa magazi ndi kujambulidwa mutu. Madotolo amacotsa cotupa cotere podzera m'mphuno, ndipo cotsalira amacigonjetsa ndi mankhwala kapena ceza ca makina. Wofika msanga amapulumutsa maso ace.