Kuchepetsa thupi powerengera mapointi: nanga ife osankha ndiwo titani?

Msuweni wanga wina amagulitsa kaunjika pa Chitakale. Ali ndi zaka 27, ana awiri. Mwezi watha anapita kuchipatala akumva mutu ndi chizungulire, ndipo atamuyeza anamuuza kuti BP yakwera, ayambe kuchepetsa mchere komanso thupi. Anabwerako atakhumudwa, osati chifukwa cha BP yokha ayi, koma chifukwa namwino anamuuza kuti azidya masamba ambiri. Munthuyu masamba sadya. Therere akuti limamunyansa, mpiru ndi wowawa, bonongwe amanunkha dothi, chigwada ndiye osatchula n'komwe. Ukamukakamiza amangoti, "Asuweni, ine si mbuzi."

Patapita masiku angapo ananditumizira chithunzi chochokera pa gulu lina la WhatsApp. Anthu kumeneko amakambirana za kadyedwe kowerengera mapointi, kamene akuti umadya chilichonse chomwe ukufuna bola osapyola mapointi ako a tsikulo. Funso lake linali lachidule: "Zimenezi n'zoona? Nanga nsima ndi mapointi angati?" Ndinakhala pansi n'kufufuza, ndipo ndikuona kuti ambiri a inu muli ndi funso lomweli.

Zinachokera kuti?

Njirayi inatchuka ndi kampani ya ku America ya Weight Watchers, yomwe inayambitsidwa ndi mayi wina dzina lake Jean Nidetch ku New York mu 1963. Mayiyu anayamba ndi kuitana anzake kunyumba kwake sabata iliyonse kuti azilimbikitsana pa nkhani yochepetsa thupi. Zowerengera mapointi kampaniyi inazibweretsa mu 1997, ndipo kuyambira pamenepo yakhala ikusintha kawerengedwe kake kangapo. Mu 2018 inafupikitsa dzina n'kukhala WW.

Ganizo lake ndi losavuta. Chakudya chilichonse chili ndi mphamvu yomwe amayeza m'ma calorie. Ukamadya mphamvu yambiri kuposa yomwe thupi likugwiritsa ntchito, yotsalayo imasungidwa ngati mafuta. Ukamadya yocheperako, thupi limayamba kutapa m'nkhokwe ija. Koma kuwerenga ma calorie m'mahandiredi ndi m'masauzande tsiku lililonse n'kotopetsa, ndiye anangowasandutsa manambala ang'onoang'ono. Pa kawerengedwe kakale, pointi imodzi inkaimira pafupifupi ma calorie 50, n'kuwonjezerapo pang'ono ngati chakudyacho chili ndi mafuta ambiri, n'kuchotsapo pang'ono ngati chili ndi gaga wambiri. Masiku ano amayang'ananso shuga ndi mapuloteni, ndipo pali zakudya zina zomwe anaziika pa ziro, monga masamba, zipatso zambiri, mazira, nyemba ndi nsomba.

Zili ngati bandulo ya data. Uli ndi ma MB ako a tsikulo. Ukafuna kuwathera pa TikTok m'mawa palibe akuletse, koma madzulo ukhala opanda kanthu. Palibe chakudya choletsedwa, chilichonse chili ndi mtengo wake basi.

Vuto lake kwa ife ndi loti app ya WW ndi yolipira mwezi ndi mwezi, m'ndalama zakunja, ndipo inapangidwira anthu ogula zakudya za m'mapaketi zolembedwa manambala kumbuyo. Ife timagula nandolo pa mulu, usipa pa kambale, mafuta a m'kachubu. Koma mfundo yakeyo tikhoza kuibwereka ulere.

Kodi vutoli lilipodi kuno?

Ena anena kuti kunenepa ndi nkhani ya anthu a ku Blantyre ndi Lilongwe. Kafukufuku wa boma wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupyola muyeso. Ameneyo ndi mayi mmodzi mwa asanu. Ingoimani pa Boma, pa Chitakale, pa Nkando kapena pa Limbuli tsiku la msika muone kuchuluka kwa ziwaya za tchipisi ndi mabeseni a mandasi. Kale timayenda wapansi, lero mtunda wa mphindi 10 tikukwera kabaza wa njinga yamoto.

Muyeso womwe achipatala amagwiritsa ntchito ndi BMI. Mumatenga makilogalamu anu n'kugawa ndi kutalika kwanu m'mamita, kenako yankholo n'kuligawanso ndi kutalika komweko. Munthu wa makilo 80 wotalika mamita 1.6 amapeza 31. Bungwe la WHO limati kuyambira 25 thupi lapyola, kuyambira 30 ndi kunenepa kwambiri, komwe kumawonjezera chiopsezo cha BP, matenda a shuga ndi a mtima. Ngati yanu ili pansi pa 25, nkhani ino si yanu, musadzizunze chifukwa cha zithunzi za pa Instagram.

Mapointi a pakhomo

Zomwe ndilembe apazi si za WW ayi. Ndi kawerengedwe kongoyerekeza komwe tinapanga ndi msuweni wanga uja, potenga pointi imodzi kukhala ma calorie 50. Mayi wamba amafunika pafupifupi ma calorie 2,000 patsiku, bambo 2,500. Kuti thupi lizitsika pang'onopang'ono, ambiri amachotsapo 500. Ndiye kuti mayi ali ndi mapointi 30, bambo 40. Amene mumathyola tiyi m'maesiteti, mumapalasa njinga ya kabaza kapena mumanyamulira alendo katundu kuphiri, inu thupi lanu limafuna zambiri kuposa apa.

Mtanda umodzi wa nsima wofanana ndi chibakera chanu, mapointi 4. Mbatata yophika yapakatikati, 3. Chinangwa chophika chofanana kukula ndi mbatatayo ndi cholemerako, 5 kapena 6. Kapu ya nyemba kapena nandolo wophika, 4. Dzira lophika, 2. Nthochi imodzi, 2. Ndasi limodzi lalikulu, 5. Mbale ya tchipisi cha pa chiwaya, 12 kapena kuposa. Botolo la zoziziritsa kukhosi la 300ml, 3. Masupuni atatu a tiyi a shuga, 1. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira, pakati pa 2 ndi 3. Masamba, tomato, anyezi, kabichi, nkhaka, ziro.

Onani mafutawo. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi ma calorie 9, pomwe ya ufa kapena ya shuga ili ndi 4. N'chifukwa chake mbatata yachizungu yophika m'madzi ndi yopepuka, koma yomweyo ikasambira m'chiwaya mtengo wake umakwera kuposa kawiri. Mowa nawonso uli ndi ma calorie 7 pa galamu, ndiye anyamata amene Loweruka lililonse muli pa bala, mimbayo sikuti yangobwera yokha.

Titawerenga tsiku la msuweni wanga, zinatuluka chonchi. M'mawa tiyi wa masupuni atatu ndi mandasi awiri, mapointi 11. Masana pamsika tchipisi ndi chakumwa, 15. Madzulo mitanda itatu ndi mazira okazinga osambira m'mafuta, 18. Zonse pamodzi 44. Iye ankadziona ngati sadya kwambiri, ndipo poyang'ana kukula kwa mbale ananena zoona. Chomwe chimamupweteka ndi mafuta ndi shuga zobisala m'kati.

Nanga osankha ndiwo?

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Njira ya mapointi imadalira zakudya za ziro zija kuti mimba idzaze. Munthu wodya masamba amachepetsa nsima n'kuwonjezera nkhwani, amakhuta bwinobwino. Koma wosankha ndiwo akachepetsa nsima, m'mbale mumangotsala malo. Pofika 9 koloko usiku njala yamupeza, ali pa buledi ndi majarini. Masiku atatu, wasiya.

Choyamba, kusankha zakudya si matama nthawi zonse. Anthu ena anabadwa ndi lilime lomva kuwawa msanga, moti mpiru womwe mnzake akuti ndi wokoma kwa iye ndi mankhwala. Ena vuto si kakomedwe koma mmene chakudyacho chimamvekera m'kamwa, monga kuterera kwa therere. Ndiye osamangodzida. Tiyeni tigwire ntchito ndi lilime lomwe muli nalo.

Yambani ndi kulemba zonse zomwe mumadya popanda kukakamizidwa. Msuweni wanga ankati "sindidya chilichonse chabwino", koma titalemba tinapeza nandolo, nyemba, usipa, matemba, mazira, nyama ya soya, mbatata, maungu, chimanga chootcha, tomato, kabichi wosapsa kwambiri, nanazi, nthochi, mapapaya ndi mango. Mndandanda wokwanira kale umenewo. A Unduna wa Zaumoyo amalimbikitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za nyama, za m'gulu la nyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta. Pa mndandanda wake gulu lililonse linapezeka kupatula la zamafuta, ngakhale masamba enieni anali kabichi yekha.

Chachiwiri, musasinthe chakudya, sinthani kaphikidwe. Dzira lophika m'malo mwa lokazinga. Usipa wa tomato ndi theka la supuni ya mafuta, osati kachubu konse. Mafutawo muziyeza ndi supuni, osangothira kuchokera m'botolo. Ngati simungathe kusiya tchipisi, idyani theka la mbale kamodzi pa sabata ndipo mulembe. Shuga wa mu tiyi tsitsani supuni imodzi sabata ino, ina pakatha masabata awiri. WHO imati shuga wothira asapyole masupuni a tiyi 12 patsiku, ndipo 6 ndiye bwino kwambiri. Botolo limodzi lija lokha lili ndi pafupifupi 8.

Chachitatu, dzazani mimba ndi zomwe mumakonda kale. Kuno ku Mulanje tili ndi mwayi. Nanazi ali mbwee m'mbali mwa msewu, ndipo zidutswa ziwiri zikuluzikulu sizipyola mapointi 2. Nandolo ndi wathu, amakhalitsa m'mimba chifukwa ali ndi mapuloteni ndi gaga. Amene munakulira pa kalongonda, wophikidwa mokwanira monga amachitira agogo athu, nayenso ndi wa m'gulu la nyemba. Mgaiwa ndi ufa woyera sizisiyana kwenikweni pa mapointi, koma mgaiwa umachedwa kukubwezera njala. Chenjerani ndi mapeyala ndi nsinjiro: mafuta ake ndi abwino, koma ndi mafuta ndithu. Peyala lalikulu lathunthu likhoza kudya mapointi 8 kapena kuposa, ndiye gawanani ndi wina.

Chachinayi, yesani masamba mwakachetechete. Akatswiri a kadyedwe ka ana amati mwana angafunike kulawa chakudya chatsopano maulendo 10 kapena kuposa asanachizolowere, ndipo akulufe sitisiyana kwenikweni. Supuni imodzi pambali pa ndiwo yomwe mumaikonda, osati mbale yonse. Yambani ndi osawawa monga kabichi, chainizi kapena nkhwani wotendera pang'ono. Mukhozanso kuwadula tating'ono kwambiri n'kuwabisa mu nyemba. Akakanika sabata ino, mudzayesenso.

Tsiku lake latsopano lili chonchi. M'mawa tiyi wa supuni imodzi, mbatata ndi dzira lophika, mapointi pafupifupi 6. Masana, atatenga kunyumba m'kontena, mitanda iwiri ndi nandolo wa mafuta ochepa ndi kabichi, 13. Chakumadzulo nanazi kapena nthochi, 2. Usiku mtanda umodzi, usipa wa tomato, 8. Zonse 29. Palibe chachilendo chomwe wagula, ndipo ndalama ya tchipisi ndi chakumwa ija ikutsala m'thumba.

Zoti musamale nazo

Kutsika kwabwino ndi theka la kilo mpaka kilo imodzi pa sabata. Aliyense wokulonjezani makilo 10 m'masabata awiri akufuna ndalama yanu. Matiyi ochepetsa thupi omwe akugulitsidwa pa Facebook ndi pa ma status, ambiri amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Sikelo imatsika chifukwa mwataya madzi, mafuta ali pomwepo.

Osasunga mapointi posala tsiku lonse kuti usiku muwathere pa mowa ndi kanyenya. Masamu akwana, koma thupi silinapeze chomwe limafuna. Ndipo mukaona kuti kuwerengako kwayamba kukusowetsani mtendere, mukuopa chakudya kapena mukudzisanzitsa, siyani ndipo mukalankhule ndi achipatala.

Oyembekezera, oyamwitsa, ana osakwana zaka 18, odwala shuga, omwe ali pa ma ARV kapena pa mankhwala a TB, musayambe nokha. Pitani kaye ku chipatala cha boma pa Boma, ku Mulanje Mission kapena ku health centre ya kwanuko. Ndipo ngati thupi likutsika lokha inu musanasinthe chilichonse, imeneyo si nkhani yosangalala nayo, kayezetseni.

Palinso pakamwa pa anthu. Kuno ukanenepa amati zikukuyendera, ukayamba kutsika amayamba kunong'onezana kuti kodi akudwala chiyani. Msuweni wanga apongozi ake anamufunsa kale ngati pakhomo pavuta. Anangowauza chilungamo, kuti ndi BP ndipo achipatala ndiwo anena. Auzeni a pabanja panu msanga, makamaka amene amaphika, chifukwa mphika ndi umodzi.

Kuyenda nakonso kumathandiza. WHO imalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pa sabata, komwe ndi mphindi 30 masiku asanu. Simukufunika jimu, kapena kukafika pa Sapitwa, kapena kulowa nawo mpikisano wa Porters Race. Kuchoka pa Chitakale kupita pa Boma wapansi n'kubwerera ndi poyambira pabwino. Loweruka lina tenganani ndi anzanu mukwere kuchokera pa Likhubula kukafika pa Dziwe la Nkhalamba.

Msuweni wanga watha masabata asanu tsopano. Watsika makilo awiri ndi theka, amalemba mapointi ake kumapeto kwa kope la ngongole za kaunjika, ndipo sabata yamawa akupita kukayezetsanso BP. Nkhwani wayamba kudya masupuni awiri. Therere akuti tisamuyambe.