N'chifukwa chiyani madishi apambana eriyo?

Mukamayenda pa msika wa Benga kwa Mwadzama, ponyani maso pamadenga. Muona timadishi ta DStv, Azam ndi Zuku titaloza kumwamba, pomwe eriyo ya pansungwi ikusowa.

M'nthawi ya Kamuzu dziko lino linalibe wailesi ya kanema. Television Malawi idayamba mu 1999, ndipo pambuyo pake idaphatikizidwa ndi MBC. Koma DStv inali itayamba kale ku South Africa mu 1995. Ku America makanema olipira monga ESPN ya 1979 ndi CNN ya 1980 adafalikira kudzera m'nthambo zolowa m'nyumba. Kwathu kuno nthambozo sizidayalidwe, ndiye ntchito yake ikugwiridwa ndi dishi.

Chifukwa choyamba ndi kafikidwe ka zithunzi. Mafunde ochokera pa nsanja amayenda mowongoka, choncho phiri likatchinga kapena mtunda ukatalika, zithunzi zimaduka. Setilaiti ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 kumwamba, ndipo imaona gombe la Nkhotakota monga momwe imaonera Blantyre. Munthu akakhala ndi sola, batire ndi dekoda, basi zatheka.

Chachiwiri ndi ndalama. Kanema waulere amadalira otsatsa malonda, ndipo MBC imadaliranso thumba la boma. Kanema wolipira amadya uku ndi uku: otsatsa malonda amalipira, oonera nawonso amalipira mwezi ndi mwezi. N'chifukwa chake SuperSport imatha kugula ufulu woonetsa mpira wa Premier League. Asodzi akagulitsa usipa, madzulo amadzaza nyumba ya vidiyo kukaonera Arsenal kapena Manchester United, mwini wake n'kupezapo ya dekoda.

Chachitatu ndi kusankha. Kanema mmodzi sangakondweretse agogo, mayi ndi mwana nthawi imodzi, pomwe dekoda ili ndi tchanelo cha aliyense. Komanso anthu akhala akudandaula kuti MBC imakondera chipani cholamula, ndipo pa dekoda amapeza Times ndi Zodiak n'kuyerekeza nkhani.

Komatu zokomazi zili ndi mtengo wake. Mapulogalamu akunja amagulidwa ndi madola, ndiye kwacha ikagwa, mtengo umakwera. Mu Ogasiti 2023 MultiChoice idalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi itasemphana ndi MACRA pa zokweza mitengo. Idabwereranso, koma tidaphunzirapo kuti chiwongolero chili m'manja mwa ena.

Kwa ife amene tikuphunzira uphunzitsi, nkhaniyi ikutikhudza. Mwana wa Sitandade 6 angatchule osewera onse a Chelsea koma osadziwa kuti Jumbe wa ku Nkhotakota anali yani. Dekoda yomweyo ili ndi nkhani za m'Chichewa ndiponso mapulogalamu a sayansi ndi zachilengedwe. Makolo ndi aphunzitsi, tidziwe zimene ana akuonera, tiwasankhire nthawi, ndipo tiziwafunsa zimene atolapo.