Kodi kompyuta ingalosere tsiku la napolo ku Phalombe?

Mu Marichi 1991 phiri la Michesi linakhavula madzi, matope ndi miyala, anthu mazanamazana n'kufa ku Phalombe. Akuluakulu anati napolo wadutsa. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoposa mamilimita 1,000 ku Nkhulambe, m'boma lomweli, m'masiku anayi okha. Ulendo uno a nthambi yoona zanyengo anachenjezeratu, koma panalibe amene akanatchula khwawa lomwe ligumuke ndi ola lake.

Ena amati tikadzapeza makompyuta amphamvu, zonsezi zidzadziwika. Akatswiri a masamu sakulonjeza zimenezo.

Mu 1964 Ray Solomonoff wa ku America analemba njira yoloserera china chilichonse. Anati tisonkhanitse malamulo onse amene kompyuta ingatsate omwe akugwirizana ndi zimene taona kale, ndipo lamulo lalifupi tilikhulupirire kwambiri kuposa lalitali. Pa pepala, njirayi imayandikira zoona pamene umboni ukuchuluka. Vuto lake n'lakuti palibe kompyuta imene ingamalize kuwerengerako, ngakhale itaposa za lero kangati. Gwero la vutoli analionetsa katswiri wa masamu Alan Turing mu 1936: palibe njira imodzi yodziwira ngati pulogalamu iliyonse idzafika pomaliza kapena idzangoyenda mpaka kalekale.

Palinso funso lozama. Njira ya Solomonoff imadalira kuti chilengedwe chimayendera malamulo oti kompyuta ingawatsate. Nanga ngati sichitero? Wasayansi Roger Penrose, m'buku lake la mu 1989, anati mwina m'chilengedwe muli zochitika zimene makina sangawerengere. Asayansi ambiri sagwirizana naye, ndipo mkanganowo sunathe.

Mvula yokha ili ndi vuto lakelake. Katswiri wa zanyengo Edward Lorenz anaonetsa mu 1963 kuti kuphonya pang'ono poyeza mpweya lero kumakula tsiku ndi tsiku mpaka ulosi wonse kusokonekera. N'chifukwa chake kulosera nyengo ya tsiku lenileni sikupitirira masabata awiri.

Choncho a zanyengo akamati "pali chiopsezo cha madzi osefukira", sakuzemba funso ayi. Anena zonse zimene munthu angathe kudziwa, ndipo ine ndikuona kuti n'zokwanira kupulumutsa moyo. Inu okhala m'munsi mwa Michesi ndi Mulanje, chenjezo likamveka pa wailesi samukirani kumalo otetezeka tsiku lomwelo. Boma nalo likonzeretu malowo mvula isanayambe.