Msonkho wa Mlendo Amene Banja Lake Lili Kutsidya

Munthu akaima pa chipata cha Muloza m'maŵa wa tsiku la msika amaona anthu akuwoloka mbali zonse ziŵiri, ena akukankha njinga zolemedwa ndi matumba a chimanga ndi nyemba, ena atasenza timaphukusi ta sopo, mchere ndi shuga. Tsidya lino ndi Mulanje, tsidya linalo ndi Milange m'dziko la Mozambique. Anthu a mbali ziŵirizi amamvana chinenero, amakwatirana, ndipo maliro amalirira pamodzi. Koma maboma ndi aŵiri, ndipo boma lililonse lili ndi buku lake la msonkho. Tsono funso limene limasautsa ambiri m'malire muno nlakuti: munthu akamagwira ntchito m'Malaŵi, pamene mkazi, ana ndi makolo ake ali kutsidya, msonkho wake uyenera kupita kuti? Nanga Boma limaŵerengera anthu onse amene iye amawadyetsa?

Funsoli silinayambe lero. Malire ameneŵa anadulidwa ndi pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la mu June 1891, limene linatsata mtsinje wa Ruo popanda kufunsa eni nthaka. Chaka chomwecho Henry Brown anabzala mbewu zoyamba za tiyi m'Mulanje, ndipo posakhalitsa Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anakhazikitsa msonkho. Pofika 1894 nyumba iliyonse inkalipira masheleni 3 pachaka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 msonkhowo unakwera kufika masheleni 6, koma munthu amene anagwira ntchito kwa Mzungu mwezi wathunthu, nkulandira chikalata chotsimikiza zimenezo, ankalipira theka lokha. Cholinga chake chinali choonekeratu: msonkho unali chikwapu chothamangitsira anthu ku maesiteti, pakuti ndalama ya siliva sinkamera m'munda wa chimanga. Lamulo la theka limeneli linatha mu 1921.

M'zaka zomwezo Alomwe ambirimbiri anawoloka malire kuloŵa m'Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu. Iwo ankathaŵa msonkho wa Apwitikizi, ntchito yokakamiza ya chibalo, ndi mbalamatodya imene inkatupitsa zikhatho za wolephera kulipira. Koma walira mvula walira matope. Atafika kuno anapeza kuti nthaka yachonde ili m'manja mwa eni maesiteti, ndipo mlendo wopanda munda analibe kuchitira mwina koma kumanga nyumba pa malo a Mzungu. Kumeneko ankagwira thangata, mwezi wina wolipirira malo, mwezi wina wolipirira msonkho, ndipo m'maesiteti ena miyeziyo inkatalika monga mwini anafunira. Madandaulo otere anali m'gulu la zimene zinautsa nkhondo ya John Chilembwe mu January 1915, ndipo thangata linapitirirabe kufikira 1962.

Panalinso alendo a mtundu wina, amene sankasamuka ndi mabanja awo. Tiyi amaphuka kwambiri nyengo ya dzinja, nthaŵi imene mlimi wa kuno ali kalikiliki ndi kupalira m'munda mwake. Chotero maesiteti ankadalira amuna ochokera kutsidya, amene ankabwera kudzathyola tiyi miyezi ingapo nkubwerera ndi nsalu, mchere ndi timasheleni. Munthu wotere anali pakati pa mabuku aŵiri a msonkho: thukuta lake linali kuno, nyumba yake inali kwa Apwitikizi. Amalaŵi nawonso analaŵa zomwezo pamene amuna ankapita ku migodi ya Joni ndi ku Halale, pakuti amesenjala a msonkho akafika pamudzi ankapeza mkazi yekha, ndipo nthaŵi zina ankamugwira iyeyo kufikira abale atalipira.

Ngakhale dziko litalandira ufulu mu 1964, mwamuna aliyense wamkulu ankayendabe ndi chiphaso cha msonkho m'thumba, ndipo wopezeka alibe ankaona zakuda. Msonkho wa mutu umenewo unathetsedwa m'zaka zoyambirira za m'ma 1990. Nyengo yomweyo nkhondo ya ku Mozambique, imene inathamangitsira kuno anthu oposa 1 miliyoni, inatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 October 1992. Ambiri anabwerera kwawo, ena anatsala atakwatira kapena kukwatiwa, ndipo mabanja ogaŵanika pakati pa maiko aŵiri anachulukirachulukira.

Masiku ano msonkho umatoleredwa ndi bungwe la Malawi Revenue Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 nkuyamba ntchito mu 2000, ndipo likulu lake ndi Msonkho House mumzinda wa Blantyre. Mfundo yaikulu ya lamulo la msonkho wa pa malipiro njosavuta kumva: msonkho umatsata kumene ndalama yapezeka. Ndalama imene munthu waipeza ndi ntchito yogwiridwa m'Malaŵi imakhomeredwa msonkho m'Malaŵi, kaya mwiniyo anabadwira ku Chisitu kapena ku Gurué. Lamulo limayang'ananso masiku amene munthu wakhala m'dziko. Amene wakhala masiku 183 kapena kuposerapo m'miyezi 12 amaŵerengedwa monga wokhala kuno, pamene wongodutsa, amene masiku ake sakwana chiŵerengerocho, amadulidwa msonkho wa alendo pa ndalama imene walipidwa.

Kwa munthu wolembedwa ntchito, msonkho umadulidwa ndi womulemba mwezi ndi mwezi malipiro asanafike m'manja, mwa njira yotchedwa PAYE. Gawo loyamba la malipiro silikhomeredwa msonkho. Mu 2020 gawolo linakwezedwa kuchoka pa K45,000 kufika pa K100,000 pamwezi, ndipo mu April 2024 linafika pa K150,000. Ziŵerengero zimenezi zimasintha Nduna ya Zachuma ikapereka ndondomeko yake ku Nyumba ya Malamulo, chotero wogwira ntchito ayenera kufunsa zimene zikugwira ntchito m'chaka chimenecho.

Chitsanzo chithandiza. Tinene kuti mu 2024 panali amuna aŵiri okonza makina m'fakitale ya tiyi, aliyense wolandira K250,000 pamwezi. Woyamba ndi mbeta ya pa Limbuli. Wachiŵiri ndi bambo wa ana asanu amene ali ku Milange pamodzi ndi amayi ŵawo ndi agogo okalamba. Pochotsa K150,000 yosakhomeredwa, pamatsala K100,000, ndipo m'chakacho gawo limeneli linkadulidwa K25 pa K100 iliyonse. Motero aliyense wa iwo ankalipira K25,000. Bambo uja akadandaula kwa kalaliki kuti, "Achimwene, ine ndikudyetsa anthu asanu ndi aŵiri kumudzi," kalalikiyo sakanatha kumuchotsera ngakhale tambala, chifukwa lamulo la kuno silichepetsa msonkho poŵerengera mkazi kapena ana, kaya ali m'dziko muno kapena kunja. M'maiko ena muli malamulo ochepetsera msonkho munthu wa ana, ndipo alendo ena amafika kuno akuyembekeza zomwezo. Koma kuno mlendo ndi mbadwa amayezedwa ndi muyezo umodzi.

Chotsatira chake nchakuti ndalama imene bamboyo amatumiza kutsidya imachokera pa zimene zatsala msonkho utadulidwa kale. Sangailembe monga chinthu chochotsera msonkho, pakuti pamaso pa lamulo imeneyo ndi mphatso ya m'banja. Njira yovomerezeka yotumizira ndalama kunja ndiyo kudzera m'mabanki ndi m'mabungwe ololedwa ndi Reserve Bank of Malawi. Ambiri amasintha makwacha ndi mametikali pansi pa mtengo chifukwa nkwapafupi, koma wosintha wa pansi pa mtengo sapereka lisiti, ndipo ndalama ikasoŵa palibe kokadandaula.

Mlendo amene akudzigwirira yekha ntchito, monga mwini golosale, chigayo kapena galaja, ali ndi udindo wokulirapo. Iye ayenera kukhala ndi chilolezo cha ku Immigration chogwirizana ndi zimene akuchita, ayenera kulembetsa kuti alandire nambala ya msonkho, ndipo ayenera kusunga mabuku a zoloŵa ndi zotuluka kuti pakutha pa chaka apereke chikalata chofotokoza zimene wapeza. Apa mpamene ambiri amapunthwa, posakaniza ndalama ya bizinesi ndi ya chimanga cha ana. Buku likasokonezeka, woŵerengera msonkho amayerekeza yekha phindu, ndipo kuyerekeza kwake sikukomera mwini sitolo kaŵirikaŵiri.

Phunziro la zonsezi likhudza mnyamata ndi mtsikana aliyense wotsiriza sukulu m'Mulanje, pakuti amene lero ndi mbadwa maŵa adzakhala mlendo ku Johannesburg, ku Tete kapena ku Lusaka, banja lake litatsala pa Chitakale. Kumeneko nakonso msonkho udzatsata thukuta lake. Malaŵi ali ndi mapangano ndi maiko ena, monga South Africa ndi Britain, oletsa kuti ndalama imodzi ikhomeredwe kaŵiri, koma pangano limathandiza yekhayo amene angasonyeze mapepala. Aphunzitsi angachite bwino kuzoloŵetsa ana asukulu kuŵerenga kapepala ka malipiro, kuŵerengera okha msonkho, ndi kufunsa womulemba ntchito chikalata cha msonkho wa chaka chonse.

Agogo aja amene anawoloka Ruo atasenza mphasa ankasunga chiphaso cha msonkho m'kachitini, atachikulunga m'nsanza kuopa chiswe ndi mvula. Ambiri a iwo sankadziŵa kuŵerenga zolembedwapo, koma ankadziŵa kuti mlendo akafunsidwa, kapepala ndiko kamamuyankhira. Adzukulu awo, amene sukulu yawatsegula maso, alibe chifukwa chosungira mapepala awo mosasamala kuposa mmene agogowo ankachitira.