Mbewa zoyera zimene zimafera mwana wolumidwa ndi galu

Galu wacilendo akaluma mwana ku Simonga, mudzi umene uli pa mseu wocokera mu Livingstone kupita ku Kazungula, makolo amafuna zinthu ziwiri mwamsanga: cipatala ndi galuyo. Ngati anthu amupha, a zaziweto amadula mutu ndi kutumiza bongo wake kukapimidwa, monga ku Central Veterinary Research Institute ku Balmoral, kufupi ndi Lusaka. Funso limakhala limodzi cabe: kodi galuyo anali ndi ciwewe?

Kwa zaka zambiri, m'maiko onse, yankho lotsimikiza linali kucokera kuli mbewa. Izi si mbewa zija zootcha zimene amagulitsa pa mseu wa ku Chipata ai. Ndi mbewa zoyera, zobadwira m'tumakola m'nyumba zopimiramo matenda. Akatswiri anali kutenga pang'ono bongo wa galu, kuusungunula, ndi kuulasa m'mutu mwa mbewa. Pambuyo pake anali kuziyang'ana tsiku ndi tsiku kufikira masiku 28. Mbewa ikayamba kunjenjemera, kupuwala miyendo ndi kufa, ndiye kuti galu uja anali wofuntha.

Masiku ano bongo wa galu amaupaka pa kagalasi, kuthirapo mankhwala owala, ndi kuyang'ana pa makina oonera tizilombo. Yankho limapezeka tsiku lomwelo. Bungwe la zaumoyo la WHO limalimbikitsa kuti njira ya mbewa isiyidwe kulikonse kumene kuli njira ina.

Ngakhale n'tero, mbewa sizinapume. Katemera wa ciwewe, amene mwana amalandira pa cipatala ndi amene galu amalasidwa, amayesedwa mphamvu asanatuluke ku fakitale. Pa njira yakale imene ikali kugwira nchito m'malo ambiri, mbewa zoposa 100 zimalandira katemera wa gulu limodzi, kenaka zimalasidwa ciwewe ceniceni m'mutu kuti aone kuti zidzapulumuka zingati. Zambiri zimadwala. Munthu amene anaonapo galu akufa ndi ciwewe adziwa kuti si imfa yofewa.

Nkhaniyi inayamba kale. Pa 6 July 1885, Louis Pasteur wa ku France anayamba kupatsa katemera mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa koopsa ndi galu. Katemerayo anali wopangidwa ndi mtsempha wa mu msana wa akalulu odwala ciwewe, atauumitsa. Mnyamatayo anacira. Pambuyo pake kunabwera katemera wocokera ku bongo wa nkhosa, wa nyeleti zambiri za pamimba zimene akuluakulu ena akali kukumbukira. Uyo anali kupuwalitsa anthu ena, ndipo wa masiku ano, wokulitsidwa m'mabotolo, ndiye analowa m'malo mwake.

Ciwewe cimapha anthu pafupifupi 59,000 caka ciliconse pa dziko lapansi, makamaka mu Africa ndi mu Asia, ndipo anai mwa khumi alionse olumidwa ndi ana osafika zaka 15. Cotero palibe kholo la ku Maramba kapena ku Libuyu limene lingavomere kuti mwana wake alasidwe katemera wosayesedwa. Comwenso n'cimodzimodzi ndi ng'ombe. M'caka ca 2023 matenda a anthrax anabuka m'cigawo ca kum'mwera, makamaka ku Sinazongwe, ndipo pofika pa 20 November anthu 684 m'dziko lonse anaganiziridwa kuti adwala. Katemera wa ng'ombe woletsa matendawa, amene Max Sterne anapanga ku Onderstepoort m'dziko la South Africa m'zaka za m'ma 1930, amayesedwa pa mbira. Mankhwala a njoka naonso amacokera m'magazi a akavalo amene amalasidwa ululu pang'onopang'ono.

Koma kodi ndani amayang'anira kuti nyamazi sizivutitsidwa pacabe?

M'caka ca 1959, akatswiri awiri a ku Britain, William Russell ndi Rex Burch, analemba mfundo zitatu zimene maiko ambiri amatsatira tsopano. Ngati pali njira ina yopezera yankho popanda nyama, atsate imeneyo. Ngati palibe, agwiritse nchito nyama zocepa ndithu. Ndipo zocepazo azisunge bwino, azipatse mankhwala oletsa ululu, ndi kuzipha mosazunza zikangoonetsa kuti zadwala, osati kuyembekeza kuti zife zokha. Mfundo yacitatuyi ndiyo imaiwalika msanga kumene ndalama n'zocepa, cifukwa mankhwala ogoneka nyama ndi odula, ndipo mbewa silira mokweza.

Muno mu Zambia malamulo alipo, koma ali apa ndi apo. Lamulo loletsa nkhanza ku nyama, la Prevention of Cruelty to Animals Act, ndi la m'caka ca 1920, nthawi ya atsamunda. La Animal Health Act linabwera mu 2010. Mu 2013 nyumba ya malamulo inapanga National Health Research Act, limene linakhazikitsa bungwe la National Health Research Authority. Kufufuza kwa zaumoyo, kaya pa anthu kapena pa nyama, kuyenera kuyamba kwavomerezedwa ndi kabungwe koona za cilungamo pa kafukufuku, monga kamene kali pa University of Zambia. Kabungwe kotere kamafunsa kuti nyama zidzakhala zingati, cifukwa ciani zimenezo, ndiponso zidzafa motani. Patsidya pa Zambezi, ku Zimbabwe, ali ndi lamulo lapadera la nkhani imeneyi yokha, la Scientific Experiments on Animals Act la mu 1963, limene limafuna kuti woyesa zinthu pa nyama akhale ndi laisensi.

Vuto la kabungwe n'lakuti kamawerenga mapepala nchito isanayambe. Zimene zimacitika m'kacipinda ka mbewa pa Sande, wosamalira atapita ku maliro ndipo madzi atatha m'tumabotolo, pepala silingaone.

Anthu a ku Simonga sakumana ndi mbewa zoyera, koma ofufuza amawaona. Mudziwu uli pafupi ndi Mosi-oa-Tunya National Park, ndipo njobvu zimalowa m'minda. M'cigawo conse ca Zambezi akatswiri amalasa njobvu zina mankhwala ogoneka ndi kuziveka lamba m'khosi wosonyeza kumene ziyenda. Nchito yotere imafuna cilolezo ca Department of National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA potsatira lamulo la mu 2015, komanso dotolo wa nyama, pakuti njobvu ikagona molakwika ingathe kufa ndi kubanika. Ena amabwera kudzatenga magazi a agalu, mbuzi ndi ng'ombe. Ena amagwira mileme: mu 2018 akatswiri a University of Zambia ndi anzao a ku Hokkaido ku Japan anapeza kacilombo ka Marburg m'mileme ya m'phanga kufupi ndi Lusaka.

Nkhani ya magazi imautsa mantha kuyambira masiku a mphekesera za banyama, ndipo mantha otero amakula pamene alendo safotokoza bwino. Mwini ciweto ali ndi danga lofunsa. Ofufuza oona amayamba aonana ndi anyakwawa, amabwera ndi wa zaziweto wa boma, amaonetsa kalata yowavomereza, ndipo amanena kumene magaziwo apita ndi tsiku limene zotsatira zidzabwera. Mwini akakana, galu wake sakhudzidwa.

Mwana wolumidwa sayenera kuyembekeza zotsatira za kupima kulikonse. Cilonda cisambitsidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Galu ngati ali moyo asaphedwe, koma amangidwe ndi kuyang'aniridwa masiku 10, a zaziweto atauzidwa.