Zinthu zitatu zoyenera kukonza musanajambule nyimbo

Ku Thyolo oimba sasowa. Kuli makwaya a m'makomboni a maesiteti a tiyi monga Satemwa, Conforzi ndi Makandi, kulinso magulu oimba opanda zida kufupi ndi Malamulo ku Makwasa. Gulu likasonkha ndalama zochokera m'thukuta lothyola tiyi n'kupita kusitudiyo, nthawi iliyonse yotayika imapweteka. Chimene chimaononga nyimbo zambiri si mawu a oimba ayi, koma zinthu zitatu zimene wojambula sanakonze pa kompyuta asanayambe.

Kawerengedwe ka kugunda

Time signature ndi manambala awiri, ina pamwamba ina pansi. Yapamwamba imanena kuti nyimbo ikugunda kangati musanayambirenso kuwerenga. Mapulogalamu ojambulira nyimbo a FL Studio ndi Cubase mukawatsegula amakhala pa 4/4, ndipo izi zimagwirizana ndi reggae komanso nyimbo zambiri zauzimu. Koma nyimbo zina za m'buku la kutchalitchi zimayenda pa 3/4, ndipo ng'oma zambiri zakwathu zimagawa kugunda kulikonse patatu, zomwe zimalembedwa 6/8 kapena 12/8.

Wofuna kujambula tchopa, gule wa Alhomwe amene UNESCO inamuzindikira mu 2014, ayambe wamvetsera ng'oma ndi kuwerenga. Kuikakamiza pa 4/4 yosagawa patatu kumaichotsa kukoma kumene kumadzutsa ovina.

Liwiro ndi metronome

Liwiro la nyimbo limayezedwa mu BPM, kutanthauza kugunda kangati pa mphindi imodzi. Pa 60 BPM imagunda kamodzi pa sekondi, pa 120 imagunda kawiri. Metronome ndi kaphokoso ka "ko, ko, ko" kosunga liwirolo. Johann Maelzel anailembetsa ngati chipangizo mu 1815, koma lero ndi batani chabe pa pulogalamu.

Musasankhe nambala m'mutu. Oimba ayimbe kolasi monga amachitira kutchalitchi, inu muzigogoda batani la Tap motsatira kuwomba m'manja kwawo, kompyuta ikuuzani liwiro lenileni. Metronome izimvekera m'mahedifoni mokha, chifukwa ikalowa mu maikolofoni imavuta kuichotsa. Muipatsenso mpata wowerenga kanayi kapena katatu oimba asanalowe.

Kiyi

Kiyi ndi pamene pakhala "do" wa nyimbo. Ikakwera kwambiri, asopulano amakuwa mpaka kusasa mawu. Ikatsika kwambiri, abesi amamira. Yesani malo okwera kwambiri a nyimboyo kaye. Ngati wotsogolera akuvutika pa G, tsitsani mufike pa F kapena E, mpaka ayimbe momasuka. Kumbukirani kuti munthu amene waweruka kumunda wa tiyi, atakhala pa mphepo ya m'mawa ndi mame, mawu ake sakwera ngati a Lamulungu. Gitala ndi kiyibodi zichunidwe mofanana, A akhale pa 440 Hz. Mukagwiritsa ntchito Auto-Tune, pulogalamu yowongola mawu, ipatseni kiyi yomweyo, apo ayi idzakokera mawu kolakwika.

Chifukwa chake ziyambe ndi izi

Kusintha liwiro kapena kiyi mawu atajambulidwa kale kumatha kuwakoka mpaka kumveka ngati si a munthu. Kubwereza kujambula ndiye ndalama inanso, ulendo winanso wa minibasi.

Inu ojambula, patulani mphindi 10 zoyamba kumvetsera gulu lisanayandikire maikolofoni. Nyimbo ndi ya oimbawo; ntchito ya kompyuta ndi kuitsatira.